Kachitsulo ka ku Norway m'chiuno mwa Yotamu

Rockville, 8 Okutobala 1995

Okondedwa Amayi,

Moni wochuluka kwa inu, kwa achimwene a Gracian amene akukuwerengerani kalatayi, ndi kwa mwana wanga Yotamu. Ine kuno ndili bwino, kaya inu kumeneko ku Nsipe? Yotamu wayamba kuyenda? Chifuwa chija chinatha? Mundiuze zoona, musandibisire ngati ulendo uja.

Ntchito ndaipeza! Azakhali a Priscilla ndi amene anandilankhulira. Ndikusamalira mdala wina wachizungu, ndipo ndikugona pompo, chipinda changachanga. Dzina lawo ndi a Halvorsen, koma ine ndimangoti agogo. Kwawo ndi ku Norway, dziko lozizira moti ku Dedza n'masewera chabe. Anabwera kuno ali mnyamata. Akazi awo anamwalira, mwana ndi mmodzi yekha, a Nicole, amagwira ntchito m'boma ndipo amakhala ku Springfield. Ine ndimawasambitsa, kuwamwetsa mankhwala, n'kuwaphikira nsomba yopanda tomato, yopanda anyezi, yopanda chilichonse chosangalatsa mtima. Mutu wawo umatayika nthawi zina. Dzulo andifunsa kangapo ngati ndadya, ndikudya pamaso pawo.

Koma amayi, vuto la nyumba ino si matenda ayi. Ndi tizitsulo.

Ali ndi kabati yodzaza ndi tizitsulo tozungulira ngati matambala, kalikonse m'kachipinda kake, pansalu yofewa ngati mwana wa bwana. Si ndalama, simungagule nato ngakhale mandasi. Iwo amati mapoleti. Akuti kalekale kwawoko ukafuna kuimba lamya ya pamsewu, unkagula kachitsulo kameneka pasitolo n'kukaponya m'bokosi la lamya, ndiye n'kulankhula. Tina tili ndi mizere yokumbika kuti munthu asaponye batani la jekete n'kuimba ulere. Akuba si a ku Limbe okha, eti! Akuti matauni ena anali ndi kampani yawoyawo ya lamya, ndi tizitsulo tawotawo. Lero malamya amenewo kulibe, koma agogo m'mawa mapoleti, masana mapoleti. Amalemberana makalata ndi madala anzawo ku Norway ndi ku Minnesota, kukangana za kachitsulo. Ine Christobel, wa satifiketi ya Fomu Folo ya mapointi abwino, ntchito yanga n'kugwira galasi lokulitsira zinthu.

Ndiye ndinalakwa sabata yoyamba. Ndinaona tina tada bii, ndinati pano pali mtsikana woleredwa. Agogo ali m'tulo masana, ndinatenga dilowa imodzi ya m'kabatimo, mandimu ndi mchere, n'kukwecha monga munandiphunzitsira pa mapoto. Tinawala, amayi! Atadzuka, mdala anangogwira mutu, "Nei, nei, nei," misozi ili lengelenge. Akuti kuda kumeneko ndiye ulemu wake, ndachotsa zaka makumi asanu ndi atatu ndi ndimu limodzi. Dziko ili! Litsiro lili ndi mtengo. Mwamwayi anali totchipa, ndipo pofika madzulo anali ataiwala.

Ndalama ya feteleza ndatumiza kudzera kwa a Cedric a kutchalitchi kwathu kuno, akubwera kumaliro ku Balaka. Mugule msanga, ndamva kuti kwacha ikungogwa. Bambo wake wa Yotamu akabwera, adiresi yanga musamupatse.

Ndine mwana wanu,
Christobel


Rockville, 12 Novembala 1995

Okondedwa Amayi,

Moni nonse. Ine ndili bwino, kungoti mtima ukuwawa za dzulo. Pepani, amayi. Ndikudziwa kuti munalawirira, munakwera matola mpaka ku positi ofesi ya pa boma, mwana kumsana, n'kubwerera osamva mawu anga.

Si kuti sindinaimbe! Lamya ya m'nyumba muno a Nicole anandiletsa kuimbira kunja. Ndiye ndinagula khadi loimbira kunja, ndinakaima pa lamya ya pamsewu, mphepo ikundibaya m'makutu. Kuyesa, kuyesa, kenako yalowa. Bambo wa papositi uja akuti, "Dikirani ndiwaitane, ali pakhonde." Ndikumva nsapato zake. Ndikumva akupatsana moni ndi munthu wina, mpaka kufunsana za mvula! Ine ndikukuwa ndekha ku America kuno, "Fulumirani!" Ndiye ndinamva kamwana kakulira chapatali, khadi n'kutha. Kodi anali Yotamu? Mundiuze kuti anali iye.

Ndinabwerera ndikulira ngati wa sitandade wani. Agogo anandipeza kukhitchini. Tsiku limenelo mutu wawo unali bwino. Ndinawafotokozera, iwo anangopita kukabati kuja ndi ndodo yawo. Anabwera ndi kachitsulo kamodzi kofiirira, kobowoka pakati. Akuti n'ka m'tauni yakwawo, kadoko kakang'ono, dzina lake lilime langa likukana. Akuti kampani ya kumeneko inali yaing'ono, inapanga tochepa, kenako inamezedwa ndi ya boma. Anandiika m'manja n'kunena kuti, "Tenga, ukaimbire amayi ako."

Ndinaseka misozi ili kumaso. Ndinati, "Agogo, kameneka sikagwira ntchito pa lamya iliyonse padziko lapansi." Iwo anangopinda zala zanga, akuti, "N'kako."

Ndiye ndi kameneka ndakamata pakatoni m'kalatamu. Ndati popeza mawu anga sanafike, kafike ndi kameneka. Mukasunge m'sutikesi pamodzi ndi khadi la sikelo, Yotamu adzakaone atakula. Musamupatse, angameze. Achimwene, chiganizo chimenechi muwerenge kawiri.

Kuno masamba onse athothoka, mitengo ili mbulanda. Nsapato za Yotamu ndagula zazikulu dala.

Ndine,
Christobel


Rockville, 28 Disembala 1995

Amayi,

Moni. Ndikhulupirira Khirisimasi munadya bwino. Kalata yanu ndalandira, ndipo ndaiwerenga nditaimirira.

Mwamumanga nako m'chiuno?! Amayi! Ndinati m'sutikesi! Mukuti munaona bowo n'kukumbuka mapeni obowoka a nthawi ya Chitaganya amene munkamangira ana pamkuzi. Mukuti chimangireni mwana wasiya kudzidzimuka ndipo akudya. Akudya chifukwa wakula, amayi. Inu a Mvano, wovala yunifomu yoyera Lachinayi lililonse, mwasandutsa kachitsulo ka lamya mphinjiri? Achimwene, inu ndinu mphunzitsi, munali kuti?

Koma izo zikanakhala zoseketsa chabe. Mvetserani bwino tsopano.

Boma la kuno latseka maofesi, akuluakulu akukangana za bajeti. Inde, America. Ndiye a Nicole alibe kopita, akubwera kuno tsiku ndi tsiku, kutsegula makabati. Akufuna kugulitsa mapoleti onse kuti apeze yolipirira agogo kunyumba yosungirako okalamba. Lachiwiri anatsegula dilowa ya pamwamba, n'kupeza kachipinda kamodzi kali pululu. Nkhope inasintha. Akuti pa tizitsulo tonse, kameneko ndiye kosowa kwambiri, madala a ku Norway aja akhala akukapempha zaka ndi zaka, ndipo wogula amene a Nicole apeza akubwera chifukwa cha kameneko.

Ine sindinabise. Ndinati anandipatsa okha, ndinatumiza kwathu. A Nicole anatembenukira kwa bambo awo: "Adadi, munamupatsa Christobel poleti ya kwanu ija?"

Agogo anandiyang'ana ngati andiona koyamba. Akuti, "Imeneyo? Imeneyo sindingapatse munthu."

Amayi! Munthu amene ndimamupukuta kumsana!

A Nicole sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti wogulayo abwera kumapeto kwa Febuluwale, kakhale kabwerera. Kakapanda kubwera, akuti "pali anthu oyenera kuuzidwa." Za mapepala anga sindinakuuzeni zonse, ndipo sindilemba pano. Ingodziwani kuti sindingafune wapolisi andifunse ngakhale dzina.

Chonde dulani mkuziwo lero lomwe. A Cedric akadali ku Balaka, abwerera kuno kumayambiriro kwa Febuluwale. Achimwene akawapatse pamanja. Osati papositi! Mwanayo mum'mangire batani ngati mukufuna.

Christobel


Rockville, 14 Januwale 1996

Okondedwa Amayi,

Moni kwa nonse. Ndili moyo. Yankho lanu silinafike, ndikudziwa kuti n'kutali, koma ndikulemba kuti mwina kalata ija inasochera. KACHITSULO KABWERE NDI A CEDRIC.

Kuno kwagwa chipale choti sindinaonepo. Magalimoto anakwiririka, sitolo kutseka, basi osayenda. Chinatipeza a Nicole ali kuno, ndiye tinatsekeredwa m'nyumba atatu: ine, munthu amene akundiyesa wakuba, ndi munthu amene anaiwala. Kudya tebulo limodzi, kumangomva mafoloko.

Agogo okha ndiye anasangalala. Kuona chipale pawindo, basi ali kwawo. Chizungu anasiya, akungolankhula chinorowe, kufuna jekete kuti apite kudoko. A Nicole chinenero cha bambo awo sachimva. Anayesa kuwasambitsa okha, anathiridwa madzi, anatuluka akulira. Ine ndinalowa, ndinatenga dilowa imodzi n'kuwaikira pamwendo. Ndi mankhwala ake amenewo, ndinawatulukira kalekale. Ndimatola kamodzi n'kufunsa, "Aka n'ka kuti?" Basi mdala amakhala pansi. "Bergen." "Nanga aka?" "Trondheim, taona mzere wake." Dzina la mwana wawo limawathawa, koma tizitsulo sanaphonyepo n'kamodzi komwe. Akufotokoza, ine ndikuvula masokosi.

A Nicole anaima pakhomo kuonerera. Pambuyo pake anandipangira tiyi. Ndinati mwina zatha. Ndikumwa, akuti, "Amayi ako ayankha?" Tiyi anawawa pomwepo.

Mnzanga Mutinta, wa ku Lusaka uja amagwira kunyumba ya okalamba ku Hyattsville, akundinena. Akuti, "Iwe naiwe, unakambila chani zoona? Sembe unakamba chabe ati inangena mu huva!" Huva ndi makina oyamwa fumbi m'nyumba. Ndinati ine ndinaleredwa ku Nsipe. Akuti, "Ku Nsipe kwamene uko uzabwelela na ndeke ya mahala." Amaseka, koma ine sindigona bwino.

Azakhali a Priscilla sakundiyankha bwinobwino. Akuti ndawachititsa manyazi kwa azungu awo.

Denga la khitchini lidikire kaye, musayambe kugula malata. Mupsompsone Yotamu. Koma mudule.

Christobel


Rockville, 11 Febuluwale 1996

Amayi,

Moni. A Cedric afika, ndinakakumana nawo kutchalitchi lero. Ndinatsegula kaphukusi kanu m'basi momwemo.

Peni. Peni ya Chitaganya ya njovu ziwiri, ndi kachingwe kakuda. Ndi chithunzi.

Amayi, mukuganiza kuti azungu sadziwa kuwerenga? Mukuti, "Bowo ndi bowo, kukula n'chimodzimodzi, uwapatse imeneyi." Munthu amene amadziwa kachitsulo ka ku Bergen atatsinzina! Ndipo pa peniyo palembedwa Nyasaland poyera! Mukuti ndi imene ndinavala ine ndili khanda, munaisunga zaka zonsezi, ndiye ndi yamtengo kuposa yawoyo. Kwa inu, amayi. Kwa inu.

Ndiye chithunzi. Mwapita naye ku situdiyo pa boma, mwamuvula malaya, mwamuimika pampando kuti kachitsulo kaoneke bwino pamchombo. Mukuti ndiwaonetse kuti aone kuti sikanatayike. Mwanditumizira umboni wa mlandu wanga, wojambulidwa bwino, wamakala!

Tsopano za zimene mwalemba kumapeto. Achimwene, apa muwerenge pang'onopang'ono. Mukuti munamvera, munadula, munakulunga m'pepala. Tsiku lomwelo mwana anatentha thupi, anakomoka, maso kutembenuka. Munathamanga naye kuchipatala cha mishoni, anagonekedwa, anamuika madzi pamkono. Inu munabwerera kunyumba, munamasula pepala lija n'kukam'manganso ali pabedi, ndipo kutacha anapempha phala.

Amayi, amenewo ndi malungo. Ndi Januwale, mvula, udzudzu. Chinam'chiritsa ndi kwinini wa m'botolo uja. Ndinaphunzira sayansi ine, ndikusamalira odwala ku America. Kachitsulo ka lamya sikadziwa malungo.

Koma bwanji simunanditumizire uthenga? Anakomoka nthawi yaitali bwanji? Akuyenda bwinobwino tsopano? Akulankhula? Akukuzindikirani? Pachithunzipa waonda, amayi. Timikono tija. Ndipo watalika, sindinamudziwe msanga. Ndinapitirira pamalo potsikira basi ndikumuyang'ana.

Mwalemba kuti, "Ngati ukufuna, bwera udzadule wekha." Mukudziwa kuti sindingabwere. Ndikatuluka muno sindidzalowanso.

A Mulenga a kwaya ya kutchalitchi kwathu kuno akupita ku Chipata mawa, abwerera wogula uja asanafike. Akuti akhoza kukumana ndi achimwene ku Mchinji. Njira ilipo ndithu. Ndagwira cholembera nthawi yaitali kuti ndilembe kuti mudulenso.

Ndatumiza ya neti yoteteza udzudzu. Mugule, musagulire china.

Christobel


Hyattsville, 3 Malichi 1996

Okondedwa Amayi,

Moni kwa inu, kwa achimwene, ndi kwa Yotamu. Ndili bwino. Onani adiresi yatsopano pamwambapa, muzilembera imeneyi. Ndili kwa Mutinta, ndikugona pamatiresi pabalaza.

A Mulenga sindinawatume. Mwina munadabwa kuti achimwene sanaitanidwe ku Mchinji.

Wogula asanabwere, ndinawapeza a Nicole patebulo, agogo ali pampando wawo pawindo. Ndinaika peni ndi chithunzi patsogolo pawo. Ndinati, "Kachitsulo sikabwera. Ndi aka kali pachithunzipa. Amayi anga sakana chifukwa cha ndalama, akuopa kuti mwana afa. Ine sindikhulupirira zimenezo, koma sindiwauza kuti adule. Chitani zimene mukufuna kuchita." Mawu anatuluka bwino.

A Nicole anayang'ana chithunzi, anayang'ana ine. Akuti, "Uli ndi mwana?" Miyezi yonseyi, amayi, sanadziwe. Sanafunsepo, inenso sindinanene, ndinkaopa kuti aziti maganizo anga ali kwina.

Ndiye agogo akuti, "Ndione." Anatenga galasi lawo lija n'kuliika pamimba pa Yotamu. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatchula dzina la tauni yawo, lija londikanika. Akuti, "Ya kwathu iyi. Yafika bwanji kwa mnyamata ameneyu?"

Ndinati, "Munandipatsa, agogo."

Akuti, "Sindikukumbuka." Anayang'ananso chithunzicho. Akuti, "Chingwechi n'cholimba kwambiri, chidya m'mphepete mwa bowo. Uwauze amange ndi ulusi wofewa wa thonje. Ndipo asakwechenso ndi mandimu!"

Za mandimu akukumbuka! Zondipatsa anaiwala, koma mandimu a mu Okutobala ali nawo!

Ndinaseka mwangozi. A Nicole anaseka nawo, kenako anabisa nkhope m'manja. Agogo alibe nazo ntchito, atola peni yanu, akuitembenuza, akufunsa za njovu. Anatsegula dilowa n'kuiika m'kachipinda kopanda kanthu kaja. Inakwana ndendende, amayi. Musanyade.

Wogula anabwera, anaona peni, anakwinya nkhope, anatsitsa mtengo kwambiri. A Nicole anagulitsa choncho. Dilowa ya pamwamba yokha anaisiya kuti agogo apite nayo, ndinawauza kuti popanda imeneyo kumeneko sakawasambitsa. Kwa apolisi sanapite. Koma sanandikhululukire kwenikweni. Anandipatsa malipiro a mwezi, kalata yondichitira umboni anakana. Akuti, "Sindingalembe kuti palibe chinasowa." Ndinati chabwino.

Agogo anapita Lachinayi kunyumba ya okalamba kufupi ndi Springfield. Ndinawaveka jekete ndekha. Pagalimoto anandigwira dzanja n'kundifunsa ngati ndadya.

Ndiye ntchito yatha, chipinda changa chija chatha. Mutinta akundilankhulira kwa abwana ake, akuti mwina mashifiti a Loweruka ndi Lamlungu. Akunditcha "Mai Poleti," nyumba yonse yatengera. Mwezi uno ndi wamawa musayembekezere kanthu, malata aiwaleni kaye. Chimanga musagulitse ngakhale mtengo ukwere. Azakhali a Priscilla akakulemberani, muwerenge n'kupinda.

Peni yanga mwaipereka kwa mzungu osandifunsa, imeneyonso tidzakambirana.

Neti munagula? Azigona m'netimo tsiku lililonse, ngakhale kutenthe. Akangotentha thupi, kuchipatala msanga, osayamba mwafunsa kachitsulo. Ine maganizo anga sanasinthe, ndi malungo aja.

Ulusi wa thonje ndauika m'kalatamu, woyera, ndagula wofewa kwambiri. Posintha musachite kuchotseratu. Mulowetse watsopano, mumange, kenako ndiye mudule wakalewo. Achimwene, apa muwerenge kawiri.

Ndine mwana wanu,
Christobel